Chitsulo cha Agogo Chimene Chinkapita ku Tchalitchi

Senderani pafupi, mawu anga sapita patali masiku ano. Iwe wa foni, iike m'thumba, nkhani iyi ilibe zithunzi.

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Yakobe Phiri, ndimamva fungo la girizi ndi fumbi la chimanga chouma, lija lolowa m'mphuno n'kukuyetsemulitsa mpaka misozi. Tinkakhala kuno ku Nangongwe nyumba zisanathinane chonchi. Agogo anali ndi makina otong'olera chimanga, opukusa ndi dzanja, amene mzungu wa pafamu anawasiyira pochoka. Unkaponya chimanga pamwamba, iwo n'kumapukusa, m'kati mbale yachitsulo ya mano ikukukuta, njere zikugwa ngati matalala, chitsononkho n'kutulukira kumbali chili mbulanda. M'mawa uliwonse asanayambe ntchito ankagogoda mbaleyo ndi sipanala, khutu ali tcheru, amvekere, "Chitsulo chikamadwala chimayamba ndi mawu."

Anthu ankabwera ndi chimanga chawo, potsiriza n'kutisiyirako chitini. Chitini chimenecho ndicho chinandilera, pakuti mayi anga anamwalira ndisanamere mano, ndipo bambo anapita ku migodi osatembenukanso.

Ndiye chaka china, anthu atangokolola, mwala unalowa pamodzi ndi chimanga. Tinangomva kuti phwa! Mbale yagawika pakati. Agogo anapita nayo kwa wowotcherera, koma itangozungulira pang'ono inathetheka pomwe paja. Anazungulira masitolo onse a m'tauni, anakwera sitima mpaka ku Lusaka, zidutswa zili m'thumba la chiguduli. Kulikonse yankho linali limodzi, loti kampani yopanga makinawo inatha kalekale: "Ba mudala, kampani ya ichi inasila kudala. Sipeya kulibe." Anakafukula m'matchire a mafamu osiyidwa, kubwerako ndi chisoso m'buluku, manja ali lende.

Ufa utayamba kuchepa, kunabwera azakhali anga a Rozina a ku Lusaka.

"Atate, chimakinachi gulitsani kwa ogula zitsulo. Mwanayu ndimutenge azikandilerera ana. Mumudyetsa chiyani, dzimbiri?"

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikumvetsera. Agogo anangoti, "Mwezi uno ukatha makina asanalire, mudzamutenge."

Mwezi uli pafupi kutha, kunagwa maliro ku Chanyanya, mudzi wa asodzi, a mkulu wina wochokera kwathu ku Nyasalande. Iye anali wa Dachi, ife ndife a Roma, koma maliro alibe mpingo. Tinapita pa njinga. Bokosi likulowa m'tchalitchi, munthu anamenya belu lopachikidwa pa mkuyu. Silinali belu lenileni ayi, linali chitsulo cha mawu osasa ngati nkhalamba ya chimfine. Ana inu, agogo anadzambatuka pakati pa anthu olira, maso ali tong'o, n'kundinong'oneza mokweza moti mzere wonse unamva: "Ameneyu ndi m'bale wake!"

Inalidi mbale ya mano, yofanana ndendende ndi yathu, yamoyo, yopachikidwa ndi waya pa bowo lake la pakati. A Mbewe, mkulu wa mpingo, anaitola kalekale pa famu ina yopsa.

Titachoka kumanda agogo anavula chipewa n'kupempha. A Mbewe anaseka mpaka kutsokomola.

"A Phiri, inu a Roma belu lanu ndi la mkuwa, lero mukusirira la amphawi?"

Agogo sanagwe mphwayi. M'mawa mwake anabwerera ndi chidutswa cha njanji kuti asinthane. Anachipachika, n'kuchimenya. Amayi a chigwirizano anakana: "Ili ndi belu la sukulu, ana azithamangira ku kalasi." Anabweretsa khasu la pulawo, asodzi anati silimveka kumadzi. A Mbewe anamaliza nkhani: "Chitsulo choitana anthu kwa Mulungu sichingakakukute chimanga."

Pamenepo gogo wina, a Nabanda, amene anandikhazika pamiyendo pawo tsiku la maliro, analavula fodya n'kunena kuti, "A Mbewe, inu Lolemba simupita kumunda? Nanga mwasiya kukhala mkulu wa mpingo? Chitsulochi chizigwira ntchito ngati ife tonse, Lamulungu chizibwera ku tchalitchi. Kapena mukufuna mwanayu akakhale wantchito ku Lusaka belu lanu likupuma pa mtengo?"

Basi, zinatha choncho. Lolemba agogo ankakatenga mbale, Loweruka dzuwa lisanalowe n'kuibweza atatsuka ndi phulusa, yokulunga m'nsalu ngati khanda. Makina analiranso. Azakhali atabwera ndi chikwama chondinyamulira zovala, anapeza fumbi lili kobo pabwalo, anabwerera ndi chikwama chomwecho chodzaza chimanga.

Anzawo a ku Roma ankawaseka agogo: "Yakobe, makina ako alowa Dachi!" Iwo amvekere, "Nanga mwaonapo mbale yosunga Sabata kuposa iyi? Inu ena Lamulungu muli ku mowa."

Koma panali pangano lina. Ku Chanyanya kukagwa maliro pakati pa sabata, belu liyenera kulira. Ndikukumbuka tsiku lina pabwalo padzaza matumba a mwini sitolo wina wolusa, kunafika uthenga woti mwana wa msodzi wamira. Agogo anasiya kupukusa chimanga chili pakamwa pa makina, n'kutenga sipanala. Mwini sitolo analalata, "Imwe ba Phiri, ni vichani ivi? Nchito yanga ikalibe kusila!" Iwo akumanga mbale pa njinga anangoti, "Chimanga chidikira, mayi wolira sadikira." Munthuyo sanabwerenso, ndipo agogo sanamudandaule.

Zaka zinapita, zigayo ndi makina a injini zinabwera, miyendo ya agogo inakana njinga. Mbale inakhalira pa mkuyu. Tsiku limene agogo anamwalira, a Mbewe, ali ndi ndodo, anaimenya okha, ndipo a Dachi anabwera lole yodzaza kudzaimba pa maliro a munthu wa Roma.

A Mbewe anawatsatira mvula ya chaka chomwecho. A Nabanda anafa atakalamba kwambiri, akutafunabe fodya wawo. Azakhali a Rozina anadzathera m'manja mwanga muno, ndinawasamala, sitinakumbutsane nkhani ya chikwama. Makina aja ndi omwe mumayanikapo masokosi kuseri kwa nyumbaku, opanda mbale. A tchalitchi chija anagula belu lenileni, ndipo mbale sindikudziwa kumene inapita. Ndikamadutsa pa ogula zitsulo zakale pafupi ndi msika, ndimagogoda chitsulo chimodzichimodzi ndi ndodo yangayi. Anyamata amaseka, amati gogo wapenga. Asekeni. Mawu ake ndikuwadziwa, ndipo tsiku limene ndidzawamve mudzandithandiza kunyamula.