Machila amene ndinakana kunyamula

Makolo athu atafika m'mapiri a Dedza kuchokera kummwera, anapha ng'ombe yakuda, nalumbira pamaso pa mtundu wonse: kuyambira lero ndife anthu odziimira patokha, ndipo phewa la Mngoni silidzasenza munthu wamoyo. Mawu amenewa bambo anga anawamva ndi makutu awo. Ine ndinakula nawo.

Nkhondo ya Ajeremani isanayambe, kunabwera mesenjala wa boma kudzatenga amuna oti akanyamule mzungu pa machila kupita ku Mayani. Analoza ine, poti ndinali wamtali. Ndinamuuza kuti mzunguyo ali ndi miyendo. Mawu anga ndi aakulu chibadwire, moti anandimva mpaka kudimba.

Anandimanga, ulendo wa ku boma. Pakhonde panakhala mzungu woweruza, pambali pake womasulira, Mngoni mnzanga wovala jekete.

Ndinaimirira n'kunena lumbiro lonse, osadumpha liwu. Mzungu anamvetsera, nayankhula pang'ono.

"Akuti, achimwene, mawuwo ndi okoma, koma si lamulo," anatero womasulira. "Ndi zolankhula za pa phwando. Khoti siliweruzira zimenezo."

"Afunseni," ndinatero, "tsiku limene anakweza mbendera yawo n'kunena kuti dziko lino ndi lawo, sanalankhule ndi pakamwa? Bwanji mawu awo asanduka lamulo, athu asanduka nyimbo?"

"Musandiphetse, achimwene. Zimenezo ndimasulire?"

"Masulira. Sukulu unapitira chiyani?"

Anamasulira, koma ndikuganiza anathirako madzi, chifukwa mzungu anaseka. Kenaka anandipatsa ziwiri: machila mawa, kapena chikoti lero ndi ndende pamwamba.

Ndinavula nsalu ndekha n'kugona pansi.

Za chikoticho sindilemba zambiri. Chimapweteka, asakunamizeni munthu. Kundende tinkaswa miyala ya msewu m'chisanu cha m'mapiri muno, zala zitauma ngati nkhuni. Mzungu wa machila uja anapita ndithu ku Mayani, atamunyamula ena, mmodzi wa iwo msuweni wanga. Nditatuluka msuweniyo anandipeza pabwalo, akuti, "Mwapindulanji? Ife mapewa anapola kale, inu msana ukadali zilonda." Ndinamuuza kuti adye kwawo, asadzagawane nane mbale.

Aphunzitsi a masiku ano amandiuza kuti woweruzayo sanalakwe, lumbiro la mtundu silimanga khoti. Mwina. Ine malamulo sindinawerenge, ngakhale izi ndikulemba movutikira. Koma mesenjala anabweranso kambirimbiri kudzatola onyamula, nkhondo isanabwere ndi mtengatenga wake wosenzetsa anthu katundu wa asilikali. Akafika pa khola langa ankayang'ana kumbali ngati waona kanthu m'chimanga, n'kupitirira kukagogoda khomo lina.