Ulosi Wanga wa Raundi Yachiwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene ndinamenya mnzanga Zeka chifukwa cha nkhonya za anthu ena. Mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi, m'kamwa mumawawa ngati ndaluma ndulu ya chambo.

Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambiki inali itafika povuta, ndipo dera la Mangochi linadzaza ndi anthu othawa kwawo. Ambiri ankakhala chakumalire komwe anawaika, koma ena ankazemba n'kubwera kuboma kudzasaka ganyu. Banja la Zeka linali limodzi mwa amenewo. Bambo ake, a Domingo, anali chimunthu chachitali, chofatsa, ndipo ankasenza matumba a usipa pamsika. Ine ndi Zeka tinkawedza limodzi kunsi kwa mlatho, chinangwa chimodzi kubenthulirana. Sukulu ndinali nditayamba kale kujomba, ndipo chaka chotsatira ndinaisiyiratu.

Dolo wathu wa nkhonya anali Chigayo. Dzina lake lenileni palibe ankalitchula. Anali wojintcha, khosi ngati mtondo, ndipo anali atamenya kakhumi ndi kasanu osagonjapo. Ine ndinkaloweza nkhonya zonsezo monga anzanga ankalowezera za ku madarasa: uyu anagwa raundi yoyamba, uyu yachitatu, uyu anathyoka mphuno.

Tsiku lina mwini bala amene ankakonza masewerowa anamata chipepala pamtengo wa mango, pomwe a Jafali ankakonzera njinga. Loweruka Chigayo akumana ndi Chiphona cha ku Mozambiki. Chiphonacho anali a Domingo.

Sabata imeneyo pansi pa mangopo panalibe nkhani ina.

"Kakhumi ndi kasanu, amwene! Muwerenge bwino, zala za manja sizikwana," anatero a Sumani, telala wapakhonde la sitolo, tepi ili m'khosi.

"Wamenya ndani?" anafunsa a Jafali, maso ali pa sipoko. "Tanditchulireni mmodzi amene anabwera atadya."

"Nsanje imeneyo, ambuje."

"Nsanje ya chiyani, ine ndimenya nkhonya? Mmozambikiyu akuti ankasewera ku Lichinga nkhondo isanayambe. Muone kutalika kwa mkono wake. Chigayo wanuyo akangokwera mlatho panjinga amapumira m'mwamba ngati galu."

Magazi anga anawira. Ndinalowerera nkhani ya akuluakulu osaitanidwa. "Raundi yachiwiri Mmozambikiyo agwa! Mundimete mpala ngati ndikunama."

Zeka anali ataima pambali panga, mbedza zili m'manja. "Bambo anga sagwa," anatero chapansipansi.

"Munthu wothawa nkhondo angaime pamaso pa Chigayo? Inu ntchito yanu n'kuthawa basi."

Anandikankha pachifuwa. Ine sindinaganize kawiri, ndinamuponyera chibakera pamlomo, magazi n'kudonthera pamalaya ake. Amuna aja anafa nalo phwete. A Sumani anandikweza mkono m'mwamba akukuwa, "Kachigayo aka!" Ndikuvomereza, ndinamva kukoma. Zeka anatola mbedza zake n'kumapita osalira.

Loweruka masana dzuwa linali loswa mtengo. Masewero anali kuseri kwa bala, mumpanda wa udzu, ndipo ine ndinalowa pokwawira pomwe agalu anaboola. Bwalo lake linali mitengo inayi ya bulugama yozunguliridwa ndi zingwe za khoka. Belu linali limu ya galimoto yomenyedwa ndi sipanala. Fungo la thukuta, kachasu ndi nsomba zouma linali thoo. Ndinadzipanikiza mpaka ndinafika pamtengo wa pangodya, pafupi moti mchenga wa mapazi awo unkandilowa m'maso.

Limu italira, ndinaona zomwe ndinali ndisanazionepo. Munthu wosenza matumba uja ankayenda mopepuka ngati mphaka. Chigayo akaponya, ankangomenya mphepo. Kenaka dzanja lamanja la a Domingo linatuluka kamodzi kokha, phaa! pachibwano. Mawondo a Chigayo anapindika, maso n'kutembenuka.

Sanagwe. A Domingo anamukumbatira msangamsanga. Anthu akumbuyo ankakuwa kuti Mmozambiki watopa, akugwira. Koma ine ndinali pafupi. Ndinaona manja awo ali m'khwapa mwa Chigayo, akumunyamula ngati thumba kuti asafike pansi. Ndipo nkhope yawo sinali ya munthu amene akupambana. Ankayang'ana mwini bala uja mwamantha, ngati mlendo amene waswa mbale m'nyumba ya eni. Anamugwira choncho mpaka limu inalira.

Raundi yachiwiri sinatenge nthawi. Chigayo, akadali dzandidzandi, anaponya chibakera chomwe chinangokhudza phewa. A Domingo anagwada bondo limodzi, n'kutsamira dzanja, n'kugona bwinobwino ngati munthu wofuna kupuma pamphasa. Woyimbira anawerenga mpaka khumi iwo maso ali gwa kumwamba.

Mpanda wonse unagwedezeka. A Sumani anandipeza, n'kundinyamula paphewa. "Mlosi uyu! Ananena mwanayu, raundi yachiwiri!" Anandizungulitsa bwalo lonse anthu akundiwombera m'manja. Ndili m'mwambamo ndinaona Zeka ataima polowera, mlomo uli wotupa, akundiyang'ana.

M'mawa mwake ndinapita kwawo. Ndinamupeza akutsuka mapoto ndi mchenga.

"Bambo ako anagwa dala," ndinatero. "Ndinaona ndi maso angawa."

"Waona lero?"

Anandiuza osandiyang'ana. Mwini bala anabwera kunyumba kwawo ndi anyamata awiri. Mwini balayo anati a Domingo akakana kusewera, akawaneneza kuti akukhala kuboma popanda chilolezo, ndipo lole idzawatenga onse kubwerera kumalire. Akasewera n'kupambana, chimodzimodzi.

Mutu wanga unatentha. Ndinatola mwala. "Tiye tikaswe mawindo a bala lakelo!"

"Iwe ukagenda, upita kwanu kukadya. Lole idzabwera kwa ife." Anathira madzi mumpoto n'kukhuthula. "Unalosera bwino. Dzipita."

Nthawi yomweyo a Domingo anatuluka m'nyumba, nkhata ili m'manja, akupita kumsika ngati tsiku lina lililonse. "Wadzuka bwanji, mwana wanga?" anandifunsa. Bola akanandimenya khofi. Mwala uja unandigwa m'manja.

Pobwerera ndinayamba kutchula mumtima mayina khumi ndi asanu aja, monga ndinazolowera. Ndipamene ndinazindikira kuti panalibe ngakhale mmodzi amene ndinkadziwa kwawo. Onse anali obwera, aganyu, anthu opanda mbale woti n'kuwafunsira. Ine ndinkawaimba ngati nyimbo.

Zeka sanawedzenso nane. Tikakumana pamsika ankandipatsa moni ngati wopatsa mlendo. Ndinayesa kumupititsira mbedza zatsopano, anazibweza kudzera kwa mlongo wake. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, ndipo ndinamva kwa anthu patatha sabata.

Mtima wapachala ndikadali nawo, sindinama. Koma lero amuna akamakangana za nkhonya, wina akuwerenga kuti uyu wapambana kangati, uyo wagwetsa angati, ine ndimayamba ndafunsa kuti wogwayo anali ndi ufulu wopambana kapena ayi. Chigayo sindimuda kwenikweni, mwina iyenso ankakhulupirira bodza lakelo. Amene amandinyansa ndi ife odzaza mpanda uja, amene tinkafuna kuona munthu akugwa osafunsa kuti wamugwetsa n'chiyani. Ngati Zeka ali moyo kutsidya kwa malireko, amandikumbukira ngati mwana amene ananyamulidwa paphewa tsiku limene bambo ake anagona m'fumbi. Ndipo sakulakwitsa.