Kwaya ya Loweruka ndi Tulo ta Agogo a ku China

Ku Barking, kutsidya kwa nyanja, ndinakhala zaka zinayi m'nyumba yosanja imodzi ndi agogo ena aamuna ochokera ku China. Kale anali wophika m'lesitilanti, ndipo akazi awo anali atamwalira. Mawondo ankawavuta, komabe m'mawa uliwonse ankakathirira anyezi wawo kuseri kwa nyumba.

Kenaka m'chipinda cha pamwamba pawo, choyandikana ndi changa, munalowa mkulu wina wokonda nyimbo. Ankagona m'mawa, usiku n'kumagunditsa zoimbira mpaka tambala woyamba. Ine ndinkagwira ntchito yausiku kuchipatala, ndiye wozunzika anali agogowo.

Miyezi itatu yokha anafota. Magazi anayamba kuthamanga, chakudya anachitaya, anyezi anauma. Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala pampando, makatani ali chitsekere.

"Sindigona, mwanangu," anatero m'Chingerezi chawo chochepa. "Ndikhalirenji ndi moyo?"

Ndinaimbira mwana wawo wamkazi, anapita nawo kwa dokotala, ndipo anawapeza ndi matenda a maganizo. Ine ndinakagogoda kwa mkulu uja.

"Chepetsaniko phokoso, achimwene, agogo akudwala."

"Ngati akalamba apite kosungira okalamba," anayankha, chitseko phwaa!

Mtima unandiwira sabata yonse. Lamlungu ndinauza amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu kuti tiziphunzirira nyimbo kwanga, Loweruka, seveni koloko m'mawa. Anabwera asanu ndi anayi, ndi ng'oma ziwiri. Ndinawaimika moyang'ana khoma limene kuseri kwake kunali bedi la mkulu uja.

Titafika pa nyimbo yachiwiri iye anayamba kumenya khoma.

"Amayi, akuti sakumva bwino," ndinatero. "Kwezani mawu."

Loweruka lachitatu agogo aja anakwera masitepe pang'onopang'ono, nakhala pakona n'kumagwedeza mutu. Lachisanu la sabata yotsatira mkulu uja anandidikira pakhomo, maso ali psuu.

"Sindikugona, mayi."

"Zimawawa, eti?"

Zoimbira zinaleka sabata yomweyo, koma ine kwaya ndinaipitiriza mwezi wina wathunthu, kuti amve bwino. Agogo tulo tawo sitinabwerere msanga, ndipo mwana wawo anawatengera kwake ku Greenwich, kumene ndimamva kuti akudya ndiponso akuyenda m'mbali mwa mtsinje.

Amayi abusa atamva chimene ndinaitanira kwaya, anandikhazika pansi nati nyimbo za Mulungu si zobwezerera. Ndinavomera mwaulemu. Kulapa kokha mpaka lero sindinalape.