Khutu la a Ndinalipo

M'tauni muno palibe amene sawadziwa a Ndinalipo, kondakitala wopuma wa mabasi akale aja. Dzinali anadzipatsa okha ndi pakamwa pawo. Utchule moto wa pamsika, iwo analipo. Utchule tsiku limene ng'ombe inalowa m'banki, analipo, ndipo akuti anaigwira mchira ndi iwowo. Anthu ankangowaseka, ngakhale akazi awo omwe, ndipo zinkawapweteka mumtima kuposa mmene ankaonetsera.

Bungwe losunga mbiri ya tauni litatsegula nyumba ya zinthu zakale, m'chipinda chimene kale chinali positi ofesi, a Ndinalipo anavala jekete n'kukokera mayi a kunyumba kwawo kumeneko. Munali makina otaipira adzimbiri, belu la sukulu long'aluka, ndi nsapato imodzi yosadziwika mwini wake. Iwo zonsezi analibe nazo ntchito. Analunjika pakhoma pamene panali chithunzi cha tsiku lotsegulira mlatho.

"Mwandiona? Ndi ine uyu," anatero, chala chili pagalasi.

Woyang'anira nyumbayo, mphunzitsi wopuma wa magalasi ochindikala, anasendera pafupi. Pachithunzipo panali meya wonenepa atagwira sizasi, ndipo kuseri kwa chipewa chake kunkasuzumira khutu. Khutu lokha basi.

"Bambo, ili ndi khutu."

"Eya, langa."

"Abwera kale azibambo angapo, aliyense akuti ndi lake."

A Ndinalipo anavula chipewa n'kuima cham'mbali, tsaya litagunda khoma. Woyang'anira anatenga rula. Anayeza la pachithunzi, anayeza lamoyo, kenaka anapukusa mutu. Lamoyolo linali lotambalala kwambiri, laubweyanso.

"Makutu amakula, achimwene," anatero a Ndinalipo. Alendo ena anali atayamba kale kutsinana.

Nthawi yonseyi mayi ankapumitsa miyendo pa benchi lolembedwa kuti musakhalepo. Anadzuka, anabwereka magalasi a woyang'anira osapempha, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho.

"Ndi lawo," anatero mayiwo. "Mukuona kachipsera aka pamwambapa? Chinawapana ndi chitseko cha basi. Tsiku limenelo ine ndinaima kumbuyo kwawo, mlathowo sindinauone n'komwe. Ndinangoyang'ana khutu limeneli mpaka mwambo kutha, mumtima ndikuti mwini khutuyu ndikwatiwa naye."

A Ndinalipo anatembenukira akazi awo. Anafunsa ndi mawu aang'ono. "Nanga zaka zonsezi osanena bwanji, mayi?"

"Ndinanena kangati? Khutu ndi lokongola ndithu, koma ntchito silinagwirepo."

Woyang'anira anamata kapepala pansi pa chithunzi, kolembedwa kuti khutuli mwini wake wapezeka. Pobwerera kunyumba a Ndinalipo sanatchule za ng'ombe kapena za moto. Ankangogwiragwira khutu lija, mayi akuyenda pambuyo pawo ngati tsiku la mlatho.