Ufa Wathu ndi Helikopita ya Atsogoleri

Ufa ukanyowa umanunkha mwa mtundu wake. Tsiku loyamba umanunkha ngati khoma la dothi lovumbwa, lachiwiri umayamba kusasa mpaka fungo lake kuluma m'mphuno, ndipo ukauchedwetsa umachita nkhungu yoti ngakhale nkhuku imaukana. Fungo limenelo ndi limene linadzaza nyumba yathu m'komboni ya Kanyama dzinja lomwe mvula inagwa ngati tinailakwira. Pansi pa Kanyama pali mwala, ndiye madzi akagwa alibe kolowera. Ankangoima m'misewu, obiriwira, atasakanikirana ndi za m'zimbudzi zosefukira. Popita kumpopi tinkadumpha pa njerwa zimene anyamata anayala, ndipo achule ankalira pansi pa bedi la makolo anga ngati nyumbayo ndi yawo.

Inali nthawi ya mizere. Sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere, ufa ndiye osanena. Atate anali atachotsedwa ntchito kufakitale ina ya kumaindasitiri, koma m'mawa uliwonse ankapitabe komweko wapansi, nsapato zili m'manja, kukaima pageti kudikira ganyu. Masiku ambiri ankabwera ndi matope okha. Amayi anaima pamzere masiku angapo, akukankhidwa ndi kupondedwa zala, mpaka anabwera ndi thumba limodzi la ufa pamutu. Analikhazika pa njerwa pakona ya chipinda, ndipo palibe ankaloledwa kulikhudza.

Thumbalo linali ndi nkhani yake. Azakhali athu a ku Petauke, kutali kum'mawa, amene analibe mwana, anali atatumiza mawu kangapo kuti awapatse mng'ono wanga Dailesi akamulere. Dailesi anali wa zaka zinayi, wokonda kuyamwa chala, ndipo sankagona asanagwire khutu la amayi. Amayi ankakana kwamtuwagalu. Koma tsiku limene thumba linabwera, atate analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Unga uyu ukasila mwezi usanasile, Dailesi azayenda ku Petauke. Sininganamize kuti nizakwanisa."  Kuyambira tsikulo amayi ankayeza ufa ndi kapu yaing'ono ya pulasitiki, n'kusalaza pamwamba pake ndi chala.

Mwezi usanafike pakati, madzi analowa m'nyumba m'bandakucha, n'kupitirira njerwa zija. Pamene tinkadzuka, theka la thumba linali litamwa madzi. Amayi anaika dzanja mkati, nalitulutsa lili ndi phala lozizira, ndipo anangokhala pansi m'madzimo ndi chitenje chawo. Mvula inavumbabe tsiku lonse lotsatira. Tinkamva ufa ukusasa pakona paja, ife osachitapo kanthu.

Dzuwa litatuluka, komboni yonse inathamangira kubwalo la mpira la pasukulu, malo okhawo okwera amene madzi anali ataphwa. Anthu anayanika matiresi, mabulangete, mabuku otupa ndi zovala za kutchalitchi. Bana Mulenga, mayi wa ku Kopala, dera la migodi, amene tinayandikana naye nyumba, anayanika pamasaka kapenta wawo, tinsomba touma timene ankagulitsa. Amayi anayala zitenje zitatu kumbuyo kwa golo, nathira ufa wonse, wouma ndi wonyowa womwe, chifukwa thumba lenilenilo linafunikanso kuuma. Anagwada n'kumaphwanya mibulu ndi zala, akuusalaza mopyapyala kuti dzuwa liulowe. Ine ndinkathamangitsa nkhuku, Dailesi akuthamangitsa ine. Chakumasana ufa unayamba kuyera ndi kupepuka, ndipo ndinamva amayi akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi.

Apo m'pamene anafika ba Cheyamani, mkulu wa chipani m'dera lathu, atavala jekete ngakhale kunkatentha, anyamata ake ali pambuyo ndi wapolisi mmodzi. Analengeza kuti atsogoleri a dziko akubwera pa helikopita kudzaona okha mmene madzi ationongera, ndipo atera pabwalo pomwepo. Anyamata anachotsa matiresi pakati, najambula mtanda waukulu ndi laimu. Amayi anayamba kusonkhanitsa ngodya za chitenje kuti anyamule ufa wawo.

"Iyayi, amake Malita, siyani vonse pamene vili," anatero ba Cheyamani, akuitana amayi ndi dzina langa. "Bakulu bafunika baone mwamene tavutikila. Mukabisa, bazaona chani?"

"Nanga siizaononga, iyo ndeke?" anafunsa amayi.

"Izakhala paja pakati. Imwe muli kutali maningi."

Ife ndege tinkaziona zili kumwamba, zazing'ono ngati tombolombo. Palibe mayi pabwalopo amene ankadziwa kuti helikopita imabwera ndi chimphepo chake. Ba Cheyamani nawonso sankadziwa, koma munthu wa mtundu wawo kunena kuti sindidziwa kuli ngati kuvula pagulu. Amene amandipsetsa mtima mpaka lero ndi wapolisi uja. Iye anachokera kutauni, anali ataziwonapo zikutera, ndipo anayang'ana ufa wa amayi, nayang'ana kapenta wa bana Mulenga, n'kupita kukaima pansi pa mtengo. Azimayi ena atamva kuti akuluakulu adzaona, anathamangira kunyumba kukatenga ufa wawo wouma bwinobwino n'kudzauyala, kuti mwina nawonso angawerengedwe pa ovutika.

Anyamata a ba Cheyamani anatiimika pamzere ana tonse, natiimbitsa nyimbo zolandira alendo mpaka kukhosi kunauma. Kenako tinamva kugunda kuchokera chakutauni, kumveka m'chifuwa kusanamveke m'makutu. Helikopita inatulukira pamwamba pa madenga, yaikulu kuposa basi, yonyezimira, ili ndi mbendera m'mbali. Sindinaonepo chinthu choyera bwino chotero m'Kanyama monse. Inazungulira kamodzi, n'kuyamba kutsika.

Mphepo inayamba ndi udzu, kenako inanyamula malaya ndi masamba a mabuku. Ufa wonse wa pabwalo unadzuka nthawi imodzi. Kunayera mbee, osaonanso mnzako amene wagwirana naye dzanja, ndipo kapenta ankatimenya kumaso ngati mchenga. Ana tinakuwa ndi chisangalalo, tikudumpha m'chimtambo choyeracho, malilime tili panja. Mpata utatseguka pang'ono ndinaona amayi atadzigwetsa chafufumimba pa chitenje chimodzi, manja ndi miyendo atatambasula, akutsekereza ufa ndi thupi lawo. Zitenje zina ziwiri zinali zitakoledwa pa waya wa mpanda. Dailesi anali atakhala m'matope akulira, koma kulira kwake sikunkamveka.

Helikopita ija sinatere. Inaima m'malere, kutalika kwake ngati denga la sukulu, kwa nthawi imene inakwanira kusesa bwalo lonse. Pazenera panaoneka nkhope ziwiri kapena zitatu, ndipo dzanja lina linatibayibitsa. Kenako inapendekeka, n'kubwerera komwe inachokera. Pambuyo pake tinamva kuti woyendetsa anaona kuti pansi ndi pofewa, matayala angatitimire. Mpaka lero sindidziwa kuti anali mkatimo ndani.

Phokoso lija linatha. Amayi anadzuka ali oyera tsitsi, nsidze ndi milomo yomwe. Ufa wathu unali pamadenga, pamasamba a mitengo, ndipo wambiri unkayandama pamadzi obiriwira aja kuseri kwa mpanda. Bana Mulenga ankatola kapenta mmodzimmodzi m'matope akutukwana m'Chibemba. Amayi sanalire. Anagwada n'kuyamba kukokolola ndi chikhatho paliponse pamene panayera.

Ba Cheyamani anabwera akudzikung'untha jekete. "Batiwona, amake Malita," anatero. "Chikulu ni chakuti batiwona."

Amayi anaimirira ndi ufa wosakanikirana ndi matope wodzaza dzanja. Anayenda mpaka pamaso pawo, natsegula thumba la jekete lija, n'kuthiramo. "Tengani," anatero. "Mukabapase badye." Anyamata a chipani anasuntha ngati akufuna kuwagwira, koma azimayi onse anali ataimirira, oyera ngati amayi, ndipo palibe anatambasula dzanja.

Madzulo ake wailesi ya bana Mulenga inanena kuti atsogoleri ayendera madera osefukira, aona ndi maso awo, ndipo zawakhudza kwambiri. Chithandizo sitinachione, ngakhale kapu imodzi. Ufa umene unapulumuka ndi umene unali pansi pa mimba ya amayi, ndi wokokolola uja umene anausefa kawiri pa nsalu. Tinkamwa phala lolowa mchenga m'mano, kamodzi patsiku, ndipo amayi ankanena kuti adya kale. Anayesa zonse. Anachapa zovala za anthu kumayadi, anagulitsa nsapato zawo za kutchalitchi, koma ngakhale ukhale ndi ndalama m'manja ufa m'masitolo munalibe. Mwezi unali ukadali ndi masiku ambiri pamene anakung'untha thumba lija pa mbale n'kugwa fumbi lokha.

Atate sanakumbutse mawu awo, ndipo amayi sanadikire kukumbutsidwa. Anachapa diresi langa lachikasu limene linali litandichepera, namuveka Dailesi, nam'manga tsitsi. Msuweni wa atate amene ankapita kum'mawa ndi amene anam'tenga. Kusiteshoni ya basi Dailesi ankaseka, akuganiza kuti tonse tikukwera. Atam'kweza yekha pazenera n'kuona kuti amayi atsala pansi, anatambasula dzanja kufuna khutu lawo, basi n'kunyamuka.

Tinkati apita miyezi yochepa, mpaka zinthu zitakhala bwino. Zinthu sizinakhale bwino. Dailesi anabwerera ku Kanyama ali namwali, ndipo atafika pakhomo anagwada panja n'kuodira, kudikira kuti wina amuuze polowa. Amayi anam'thamangira, iye n'kuwapatsa moni waulemu wa mlendo, akuwomba m'manja. Akamati amayi, ankanena azakhali a ku Petauke.

Dzinja lomwe lija ine ndinali wonyada. Kusukulu ndinkauza aliyense kuti ndege ya atsogoleri inaima pamwamba pa ufa wathu, ndipo mmodzi anandibayibitsa ineyo. Ndinkakhulupirira kuti anthu a mkatimo sanadziwe zimene zinachitika, kuti ufa unawatseka m'maso monga unatitsekera ife, ndipo wina akakawauza adzabwera ndi thumba lina, Dailesi n'kubwerako. Ndakula, ndipo ndaimapo pamwamba pa nyumba yosanjikizana n'kuyang'ana pansi. Kuchokera pamwamba potero zonse zimaoneka bwino lomwe. Anaona mayi atagona chafufumimba pa chitenje, mwana akulira m'matope pambali pake, ndipo anabayibitsa dzanja.