Gadiyani wa pageti

Mlongo wanga anayamba kubanika chaka cha korona, atangosintha kumene ntchito. Kuno kudziko la Aluya, kumene tonse awiri timagwira ntchito, lamulo linali litalola kuchoka kwa bwana popanda kumugwadira, ndiye iye anapeza malo oyala mabedi pahotela ina ku Al Mirqab. Akati awerame pang'ono, chizungulire. Tonse tinati ndi korona. Anamutokosa m'mphuno mpaka kutopa, osapeza kanthu.

Atamuunika pachifuwa ndi makina onga aja aamayi oyembekezera, anaona chotupa m'kati mwa mtima, cholendewera ngati peyala, chikumatseka njira ya magazi. Dokotala anati si khansa, koma kachidutswa katabenthuka kangakatseke mtsempha wa kuubongo. Panafunika kutsegula chifuwa n'kuchichotsa.

Amayi pafoni sanachulutse zonena. "Gadiyani ndiwe. Mwana wanga asakalowe kumpeni yekha."

Ugadiyani ndimaudziwa, ndinagona pansi pa bedi la bambo atagonekedwa kwathu. Choncho tsiku la opareshoni ndinapempha off ku West Bay kumene ndimalondera, n'kunyamula bulangete, beseni, sopo, supuni ndi phala m'fulasiki.

Pageti la chipatala ndinapeza mlonda wa ku Chipata.

"Akulu, mukusamuka?"

"Ndine gadiyani." Ndinamuonetsa pafoni chizindikiro chosonyeza kuti ndilibe korona. "Green iyi."

"Green ndaiona. Koma ma-visitor mafi, sakuloledwa. Khalas, nkhani yatha."

"Visitor ndani? Wodwala am'tembenuza ndani? Am'sambitsa ndani?"

"Manesi, akulu. Kuno amalandirira salary zimenezo."

Ndinalalata. Ndinatchula manejala, ndinatchula embase, ndinatchulanso zina zosalembeka. Iye ankangoyang'ana kumapazi kwanga.

"Nsapato izo n'za security. Inu pageti panu wa beseni mumamulowetsa?"

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali mlongo wanga pa video, atamuveka kachisoti kapepala, akumukankha pabedi.

"Achimwene, ndikuopa."

Ine amene ndinali nditangodzaza geti lonse ndi mawu, ndinangotembenuza foni kuti aone pamene ndaima.

"Ndili pano. Sindichoka."

"Beseni limenelo mwakwera nalo sitima ya metro?"

Anaseka mpaka kutsokomola, nesi n'kulanda foni.

Mlonda uja anandikokera mpando pamthunzi, pambali pa kanyumba kake. Phala tinamwa awiri, iye akudandaula kuti shuga wachepa. Masana kunabwera bambo wina ndi maluwa, akutukwana. Ndinam'bweza ndine, mwaulemu wonse, mnzangayo akuseka m'masiki.

Dokotala anaimba dzuwa litapendeka. Chotupa chinatuluka chonse, chachikulu ngati dzira la nkhuku, ndipo mtima unali kugunda bwino. Ndinakhala pansi pa simenti yotentha, mpando ulipo.

Mlongo wangayo anaimba tsiku lotsatira, mawu atasasa chifukwa cha chubu chimene anamuika kukhosi.

"Achimwene, mwamenya angati pagetipo?"

"Palibe."

"Palibe? Ndiye odwala ndinu. Lowani akuunikeni."