Amene Anaulula Zotsatira

Masewero a basiketibolo a kutsidya kwa nyanja amachitika ife kuno tili mtulo. Nchifukwa chake kagulu kathu kankaonera obwereza, Lamulungu masana, Misa itatha. Tinkakumana kwa mkulu wina wogulitsa matabwa munsi mwa Phiri la Dedza, poti ndi yekhayo amene anali ndi dikoda yolipira, kanema wamkulu, ndi sola yosadandaula magetsi akazima. Tinalipo amuna asanu ndi awiri. M'nyengo yozizira mayi a m'nyumbamo ankatiikira mbaula pakati ndi kutithirira tiyi wamkaka, ndipo ndisaname, tiyiyo ndinkamukonda ngati mpira womwewo.

Masewero otha kale amakoma pokhapokha ngati sukudziwa mathero ake, pamene mafoni a masiku ano sasunga chinsinsi. Ndiye tinaika lamulo limodzi lokha: woulula zotsatira masewero asanathe asaponde pakhomopo masabata anayi. Woweruza anasankha ine. Ati chifukwa ndine mphunzitsi, komanso ndinali ndi kherere wa kusukulu amene ndinkayenda naye m'thumba la jekete. Koma chifukwa chenicheni chinali pakamwa pangapa.

Panalibe munthu wodana ndi oyimbira okondera kuposa ine. Mwini nyumba ankasapota timu ya malaya oyera, imene inali ndi katswiri wina wamtali, wodziwika dziko lonse. Katswiriyo akagwira mpira ine ndinkaimirira nkumawerenga mapazi ake mokweza. Lamulo limalola masitepe awiri, iye amatha kuponda anayi, woyimbira ali duu ngati wameza kherere. Koma wosewera wosatchuka akangomukhudza katswiriyo ndi chala, pompo mlandu.

"Mwaona? Mwaonatu?" ndinkakuwa. "Kumeneko ndiye kuba masanasana! Lamulo ndi limodzi, wotchuka kaya wosatchuka!"

Mwini nyumba ankangoseka, kapu ili pamimba. "Aphunzitsi, khalani pansi mukutitchinga. Anthu onse aja adzaza m'bwalomo alipira kudzaona iyeyo. Akamutulutsa aonera ndani? Woyimbirayo?"

Wometa tsitsi wa m'gulu lathu ankati akatswiri amathamanga kwambiri moti diso silingathe kuwerenga. Wina ankati ndi ulemu chabe, munthu akagwira ntchito zaka zambiri amayenera kumumvera chisoni. Ine onsewo ndinkawatcha mbava zinzake za woyimbira. Tsiku lina ndinalumbira, dzanja lili pachifuwa, kuti ine atandipatsa masewero otero kuti ndiyimbire ndikhoza kutulutsa ngakhale bambo anga ondibereka.

M'gulumo munali mnzanga wa kusekondale, amene anandiphunzitsa kuponya mpira mu nkhata pa bwalo la simenti la ku mishoni. Iye ndiye anali dolo pasukulu yonse, koma sukulu sanapitirize. Anabwerera kwawo ku Kaphuka kukalima mbatata ya kachewere. Lamulungu lililonse ankapalasa njinga mtunda wonsewo, kukwera zitunda, kudzaonera mpira. Ndine ndinamubweretsa m'gulumo. Sankalankhula kwambiri. Ankasapota timu ya malaya akuda, yopanda katswiri, ndipo ikagoletsa ankangomenya bondo langa ndi chikhatho chake chokhakhala. Foni yake inali kakang'ono ka mabatani, kongoyimbira ndi kuunikira, ndipo tonse tinkakadziwa chifukwa tinkakaseka.

Linali Lamulungu la mu Juni, chifunga chitaphimba mapaini onse m'phiri. Oyera ndi akuda anali kulimbirana chikho, ndipo awa anali masewero achiwiri mwa angapo amene amayenera kusewera. Ine ndi mnzanga tinafika limodzi, ena onse ali kale m'kati. Iye akutsamiritsa njinga pakhonde, mwini nyumba anatuluka kudzatilonjera. Anamugwira dzanja mnzanga, nkunena chapansipansi koma akumwetulira:

"Akulu a ku Kaphuka, lero mwavutikira ulendo. Anyamata anu atsogola bwinobwino, koma kumapeto mwana wanga wamtali uja wawamaliza."

Ndinali pomwepo, ndikupukuta nsapato pachiguduli. Ndinamva mawu onse. Ndinapitiriza kupukuta nsapato zomwe zinali zitayera kale.

Masewero anayenda monga ananenera. Chigawo chomaliza chikuyamba, akuda anali patsogolo kwambiri, chipinda chonse chili phokoso. Mnzanga yekha ankangootha moto pambaula. Wometa tsitsi uja anamugwedeza phewa.

"Inu, timu yanu ikuwina, nkhope ngati muli pamaliro bwanji?"

"Ndisangalale chiyani poti tiluza," anayankha osaganiza.

Anazindikira mawu atatuluka kale. Tinaonera mphindi zotsalazo mozizira, ndipo katswiri uja ataponya mpira womaliza nkulowa, palibe anakuwa. Wometa tsitsi anaimirira atapsa mtima. Anati iye anazimitsa foni kuyambira m'mawa, anatseka makutu ngakhale kutchalitchi, lero munthu amuonongere chonchi? Onse anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, lamulo."

Mnzanga anandiyang'ana. Sakanatha kuloza chala mwini nyumba, munthu wamkulu, m'nyumba mwake momwe, kapu ya tiyi wake ili m'manja. Ankadikira ine, amene ndinali ndi udindo wonena. Mwini nyumba anali kalikiliki kusintha matchanelo, maso ali pakanema.

Zimene ndinaganiza pa kamphindi kameneko ndimazikumbukira bwino, ndipo zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinaganiza kuti munthu sungamuthamangitse m'nyumba mwake. Ndinaganiza kuti akakhumudwa atitsekera chitseko tonse, chikho chisanathe. Tikaonera kuti? Mbaula ndinaiganiza, tiyi ndinamuganizanso. Ndinapisa dzanja m'thumba, ndinatulutsa kherere, nkuimba.

"Masabata anayi," ndinatero. Ndinayesa kuseka kuti zioneke ngati nthabwala. "Lamulo ndi lamulo, mnzanga."

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti munthu wa kafoni ka mabatani, wochokera kumudzi kopanda kanema, zotsatira anazidziwa bwanji. Ndikhulupirira kuti aliyense yankho anali nalo, nchifukwa chake funsolo silinabwere. Mnzanga anamaliza tiyi wake, anapita kukhomo la kukhitchini kukathokoza mayi a m'nyumba, anatsanzika aliyense ndi dzanja, ine ndemwe. Ndinamva tcheni cha njinga yake chikulira potsika kumsewu. Sindinamuperekeze nkomwe.

Lamulungu lotsatira katswiri uja anapondanso masitepe ake anayi. Anzanga anandiyang'ana kudikira phokoso langa. Ndinati pakhosi pakundiwawa ndi chisanu. Chikho chinatha, tinaonera masewero onse mpaka omaliza. Masabata anayi anakwana, mnzanga sanabwere. Nambala yake ndinali nayo. Ndinkaitsegula, nkuiyang'ana, nkubweza foni m'thumba. Mkazi wanga atandifunsa kuti alamu ake a ku Kaphuka asowa bwanji, ndinati atanganidwa ndi kukumba mbatata. Bodza limenelo linandivuta kumeza kuposa la pakhosi lija.

Mlandu suwola. Patatha miyezi itatu, minibasi imene ndinakwera pochokera ku Lilongwe inaima pa Chimbiya, ndipo ndinamuona m'mbali mwa msewu, atakhala pa thumba, ndowa za kachewere zitandandalikidwa patsogolo pake. Mtima unati ndiwerame ngati ndikufuna china m'chikwama. Koma ndinatsika, ngakhale ndinali nditalipira mpaka ku boma.

Anandilandira bwino, mwina bwino kwambiri. Anandisunthira pathumba kuti ndikhale. Anafunsa za alamu ake ndi ana, ine ndinafunsa za mitengo ya mbatata. Titatha zonsezo panalibenso pobisala.

"Iwe," ndinayamba, "tsiku lija pakhonde, zimene ananena akulu aja, ndinamva."

"Ndikudziwa," anatero. "Unali pambali pangapa."

Sanakweze mawu, sanandiyang'ane nkomwe. Anali kuchotsa dothi pa mbatata ina ndi chala chachikulu. Ndikanakonda akananditukwana pamaso pa anthu onse a pa Chimbiya. Ndinati ndikakamba ndi gulu, ndikanena zoona, abwerere. Anapukusa mutu.

"Ukanena lero ndiye kuti chiyani? Ukangowayambanitsa anthu. Komanso mtunda uja ndi wautali, aise. Kale sindinkauona kutalika."

Malole ankadutsa, mphepo yake ikutiwaza fumbi. Kenaka anafunsa, mwamanyazi ngati akupempha mchere kwa eni ake:

"Nanga chikho chija chinapita kuti?"

Miyezi itatu yonseyo sankadziwa. Kwawo kunalibe womuuza, ndipo munthu yekhayo amene akanamuimbira foni ndinali ine. Timu yake ija, yopanda katswiri, inadzuka nkuwina masewero otsatira, mpaka kutenga chikho. Ine ndinaona zonsezo nditakhala pamalo ofunda, bondo langa popanda wolimenya.

"Akuda," ndinatero. "Anyamata ako."

Nkhope yake inawala kamphindi, ngati ya mnyamata uja wa pa bwalo la simenti. Anatsegula pakamwa kuti afunse zambiri, ine ndinayamba kufotokoza za masewero omaliza, mmene anamutsekera katswiri uja. Ndisanafike patali, galimoto ina inaima chapatsogolo, galasi likutsika. Ogulitsa onse anadzambatuka. Iye ananyamula ndowa ziwiri nkuthamangira komweko, akuitanira mtengo. Ndinatsala ndekha pathumba lake, ndikulondera mbatata, nkhani ili pakamwa. Galimotoyo itachoka inaimanso ina, ndipo iye sanacheuke.